Kasola Kopita Nako Kulikonse

Kapata, Chipata
6 Meyi 2024

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ine ndiliko, kungoti miyendo yatupa, ndipo kuchipatala andiletsa kukwera galimoto m'misewu ya mabampu mpaka nditachira. N'chifukwa chake simunandionenso chichokereni kumaliro a amayi. Apongozi anu a Lemmy anadutsa pa Mwami sabata yatha ndi thiraki, akuti mwina Beira, mwina kupitirira. Nyumba ino ndimakhalamo ine ndi pathupi panga chabe.

Atate, foni yanu ili kuti? Ndikaimba amandiyankha mayi uja wa m'foni wonena kuti nambala siyikupezeka, moti mawu ake ndayamba kuwadziwa kuposa anu. Ndafika pobwerera ku makalata ngati nthawi ya agogo. Iyi ndapatsira a Israel oyendetsa kanta ija yonyamula thonje, akaisiya pagolosale ya a Mandla pamphambano.

Vuto ndikulidziwa. Mumapalasa njinga mtunda wonse uja kukatchajitsa kwa a Mandla, n'kukapeza magetsi kulibe. Kunonso ndi chimodzimodzi, amabwera ngati mlendo wodutsa, usanamupatse mpando wapita.

Dzulo pamsika wa Kapata ndaona kasola kakang'ono. Kukula kwake ngati lichero, kamapindika pakati, ndipo kali ndi kachikwama kake ka buluu. Mukakayanika padzuwa kamatchaja foni, tochi, ngakhale wailesi yanu ija. Wogulitsayo anandionetsanso sola yaikulu yokhoma padenga, koma ndaona kuti mmene zinthu zilili kwa inu tsopano, konyamulika ndiko koyenera. Mungapite nako kulikonse kumene mungapite.

Sindinagule. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu ngati n'koyenera kutayirapo ndalama, poti ndi zomwe ndimasungira zovala za mwana. Mundiuzenso za kumunda, ndi mwendo wanu uja ngati unasiya.

Ndine mwana wanu,
Ketilina


Mudzi wa Kalikongwe, Chipangali
21 Meyi 2024

Mwana wanga Ketilina,

Kalata yako ndailandira Lamulungu pochokera kutchalitchi. A Mandla anaisunga m'katoni ya sopo, ndiye yafika ikununkhira bwino. Ndathokoza Mulungu kumva kuti uli moyo. Mvera zimene akuuza kuchipatala, msewu wathu uno ngakhale dzira silifika lamphumphu.

Kuno tadzuka, mwendo ndiwo uli ndi masiku ake. Chimanga chaka chino chatichititsa manyazi. Dzuwa lija linachipsereza ngaiyaye zisanatuluke, ndipo nkhokwe ya amayi ako sinafike ndi m'mawondo momwe. Mtedza ndiwo wayesako.

Amalume ako a Bonifasi akuti anthu akatha kukolola tidzachite mwambo wondisudzula. Ukudziwa mmene zimakhalira. Mudzi uno ndi wa amayi ako, ine ndinangobwera kudzakwatira mu 1985, ndili ndi khasu ndi njinga. Mango amene ndinabzala pakhomo pano afika potopa kubala, komabe akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Mkazi akamwalira, abale ake amammasula munthu, ndipo ambiri amene ndinawaona akumasulidwa ananyamula zawo. Amalume akowo masiku ano sakhalanso pansi pakhonde pano. Amandipatsa moni ali panjira, ngati pabwalo pali galu woluma.

Tsono za kasola kako. Dzuwa latilanda chimanga, iwe ukufuna litibwezere ndi foni? Mwana wa a Mainess a m'mudzi muno anagula kotere chaka chatha. Kanagwira bwino mpaka tsiku limene mbuzi inadya chingwe chake. Ena akuti nthawi ya mitambo kamangoyang'ana kumwamba osachita kanthu. Fumbi la kuno ukulidziwanso. Sunga ndalamazo ugule bulangete la mwana, Juni akubwera. Munthu wonga ine ndiimbira ndani tsiku ndi tsiku? Wa foni anali amayi ako. Ine ndinkangomvera chapambali, n'kumawauza zoti anene.

Koma pali mawu ena m'kalata mwako amene ndawawerenga kangapo. Wati ndingapite nako kulikonse kumene ndingapite. Kodi walankhulapo ndi amalume ako? Ndikufunsa chabe.

Pakhomo pano pali zii. Mabatire a wailesi anatha, ndipo madzulo ndimapezeka ndikuuza nkhuku zimene ndaona masana.

Ndine atate ako,
Fulansisi Sakala


Kapata, Chipata
3 Juni 2024

Okondedwa Atate,

Moni wa mmawa uno. Ndakondwa kuti mtedza wayesako, koma zina za m'kalata mwanu zandiliza, sindibisa.

Mwafunsa kuti muimbira ndani. Ine si munthu? Tsiku limene amayi anadwalika, foni yanu inali pagolosale kudikira magetsi. Ine ndinali kuno kuchapa nsalu za kugesitihausi, kuseka ndi anzanga, osadziwa kanthu. Ndinafika atakwirira kale. Sindikukuimbani mlandu, koma chinthu chimenecho chimandidya mpaka lero. Manje nthawi yanga ikuyandikira, a Lemmy sakhala pakhomo. China chikandichitikira, mudzamvanso atakwirira kale?

Ndiye ndagula. Mbuzi muziimanga. Fumbi muzipukuta ndi kansalu konyowa, muzikatembenuza kuti kaziyang'ana dzuwa, mvula ikayamba muzikalowetsa m'nyumba. Ndakayesa pano pazenera, foni yanga yadzaza dzuwa lisanapendeke. Chingwe choyera ndi cha foni, chakuda ndi cha wailesi. A Israel akasiya zonse kwa a Mandla.

Mwafunsa za amalume. Inde, tinalankhula. Anabwera kutauni kudzagulitsa soya mwezi watha ndipo anadzandiona. Ndinawauza za sola ziwirizo, iwo anati ya padenga isiye, gula yonyamulika, ndiyo imuyenera mlamu wanga. Choncho si maganizo anga ndekha, tonse tagwirizana. Mukakapinda n'kukaika m'kachikwama kamakwana bwinobwino pakaliyala ya njinga, sikalemera n'komwe.

Mukangokalandira tchajani, muimbe. Ngakhale mungoti "ndadzuka" n'kudula, zandikwanira. Usiku kuno kumatalika, magetsi kulibe, ndipo anthu a mpanda uno aliyense ali ndi zake.

Ndine mwana wanu,
Ketilina


Mudzi wa Kalikongwe, Chipangali
19 Juni 2024

Mwana wanga Ketilina,

Moni. Katundu wako wafika bwino, zikomo. Ndakayanika pamtondo wa amayi ako ndipo kanyale kake kanayaka kobiriwira, kusonyeza kuti sanakubere. Ndakayesanso pakaliyala. Ukunena zoona, kakukwana.

Poti iwe ndi amalume ako mwagwirizana, ndamva. Sindikudandaula. Nyumba ino inali ya amayi ako, tsopano ndi yako, ndipo mwana wamkazi akanena, wanena. Wachita bwino kundiuza mwaulemu chotere, ena amauzidwa pabwalo anthu ali gwa.

Ndalembera mwana wa mchemwali wanga kwathu kuja kufupi ndi Mwami kuti andipezereko kanyumba. Sindidziwa ngati akundikumbuka nkhope. Kumeneko amene ndikuwadziwa bwino ali kumanda, koma munthu sasowa pogona kwawo. Nkhuku ndapereka kwa azakhali ako a Martha, akazi a amalume ako. Mbuzi ndikuyang'ana wogula. Undiuze chochita ndi makina osokera a amayi ako, ndawaphimba ndi chitenje kuopa fumbi. Mtedza ndikusiyira matumba awiri m'chipinda.

Chimodzi chokha ndikupempha. Ukamadzabwera kuno, uzidzapalira pamanda a amayi ako mvula isanagwe. Sankakonda udzu pakhomo.

Foni yadzaza koma sindinaiyatse. Usakwiye. Pali mawu ena amene munthu amatha kuwawerenga papepala, koma kuwamva m'kamwa mwa mwana wake sangathe. Ndikupemphererabe pa ulendo wako wa kuchipatala.

Ndine atate ako,
Fulansisi Sakala


Kapata, Chipata
14 Julayi 2024

Atate,

Moni, ngati mulipo.

Mwezi wapita chitumizireni kasola, kalata kulibe, foni ili chozima. A Israel sakuonekanso pamsika, akuti kanta yawo inathyoka ekiselo cha ku Lundazi ndipo ikudikira chitsulo. Iyi ndapatsira mayi wina wogulitsa tomato wa kumbali kwanuko.

Kodi ndinakulakwirani chiyani? Mwana wanga adzafunda chitenje chifukwa bulangete lake ndinagulira inu sola. Sindikuwerengera, koma ndimayembekeza kumva mawu anu. Foni ikangolira ndimathamanga ndi chimimba chonsechi, n'kupeza ndi uthenga wotsatsa mabandulo.

Ngati simunandikhululukire kuti sindinaike nawo amayi, nenani. Ndi bwino kunditukwana kusiyana ndi kukhala chete. Masiku anga atsala ochepa, ndipo ndikuopa.

Ketilina


Mudzi wa Kalikongwe, Chipangali
28 Julayi 2024

Iwe Ketilina,

Ndine malume ako Bonifasi. Moni. Kulemba sindikukonda, ndiye uwerenge bwino, sindibwereza.

Kodi unawalembera chiyani atate ako? Munthu wagulitsa mbuzi zonse pamtengo wa nkhuku. Wagawa makasu. Kukwaya anatsanzika. Lachiwiri wabwera kwanga atavala jekete la Lamulungu, chipewa chili m'manja, n'kukhala pansi penipeni ngati tsiku limene anadzafunsira mlongo wanga. Akuti, "Alamu, tchulani tsiku, ndakonzeka." Ndinamufunsa kuti wakonzekera chiyani. Anatulutsa kachikwama ka buluu kaja n'kunena kuti ngakhale mwana wake wamugulira kale katundu wa paulendo, ndipo akuti ine ndinavomereza zimenezo.

Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Ine ndinati yonyamulika chifukwa cha akuba, komanso kuti azipita nayo kudimba kumene amaswera. Zapaulendo zachokera kuti?

Koma nanenso ndili ndi mbali yanga. Chimwalirireni mlongo wanga Veronika ndimadutsa panjira osakhala pakhonde pake. Ndinkaopa kuti ndikakhala pansi ayambitsa nkhani yoti timmasule azipita kwawo, ndiye ndinkati ndikapanda kukhala, nkhaniyo siyiyamba. Iye amaona ngati ndikumuthawa chifukwa ndikufuna achoke. Madala awiri, nzeru palibe ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezi ndakangana naye za malire a munda, za ng'ombe, za nsolo imene amabera. Akapita ndizikangana ndi ndani? Azakhali ako samva.

Ndamuuza kuti mwambo tichita, chifukwa mwambo ndi mwambo, koma kusudzula ndi kumasula munthu, si kumupirikitsa. Wangopukusa mutu. Akuti ndikumumvera chisoni, ndipo sangadye nsima ya chisoni pamudzi wa eni. Akuti mwini nyumba ananena kale. Mwini nyumbayo ndiwe.

Kalata yako yaukali ija yafika, waiwerenga ndipo sanadye tsiku limenelo. Akuti anakuyankha kalekale mu Juni. Mwina yankholo lili m'kanta yofa ija.

Mwambo tauika pa 24 Ogasiti. Wauza mdzukulu wake wa ku Mwami, mwana wa mchemwali wake, kuti adzabwere ndi ngolo tsiku lotsatira. Ngati uli ndi mawu, afike lisanakwane tsikulo, ndipo akhale omveka, osati achitauni.

Malume ako,
Bonifasi


Kapata, Chipata
11 Ogasiti 2024

Okondedwa Atate anga,

Moni kuchokera kwa anthu awiri. Ndachira Lachisanu pa 2 Ogasiti, mwana wamkazi, wathanzi, wa mphuno yanu yomweyo. A Lemmy anali ku Tete, amva pafoni. Anandiperekeza kuchipatala ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe amene dzina lake ndalidziwira komweko.

Nditatuluka ndapeza makalata awiri pansi pa chitseko, yanu ya mu Juni, yodetsedwa ndi girizi, ndi ya amalume. Ndawerenga yanu mwana ali kubere, ndipo ndalira mpaka iye anasiya kuyamwa n'kumandiyang'ana.

Atate, ine ndimanena za kudimba. Ndimanena za kutchalitchi, za kuchipatala mwendo ukavuta. Za kusudzula munazilemba m'kalata yoyamba, ndinaziwerenga, koma mtima wanga unali pa foni yozima ndipo ndinazidumpha ngati nkhani ya nyengo. Sizinandibwerere m'mutu kuti pali munthu pansi pano amene angaganize kuti kwanu ndi kwina. Chibadwire changa, ndikamati kwathu ndimaona inu mutakhala pansi pa mango aja mukukonza njinga. Ndikhululukireni.

Amalume akuti ndinene zomveka. Mwati nyumbayo ndi yanga ndipo mwana wamkazi akanena wanena. Chabwino, ndikunena. Simuchoka. Ngolo ya ku Mwami ibwerere yopanda kanthu. Pamanda a amayi muzipalira ndinu.

M'kathumba kali ndi kalatayi muli misomali ya mainchi anayi ndi chingwe chachitali. Kasolako mukakhome padenga, mbali yoyang'ana kunjira, kuti aliyense wodutsa azikaona. Ndinatuma mayi woyandikana nafe uja kukafunsa wogulitsa, ndipo akuti sikanapangidwire padenga, mvula ikakamenya chaka chimodzi kapena ziwiri kadzafa. Kafe. Kafere padenga panu. Tidzagula kena.

Mwanayu alibe dzina. Mchombo wagwa, anthu akufunsa, ine ndikungoti tikudikira agogo ake. Dzinalo sindilandira papepala. Mudzalitchule ndi pakamwa panu, pafoni, mutaima pakhomo panupo.

Ndapempha a Israel kuti iyi asaisiye kwa a Mandla, akupatseni m'manja, ngakhale kanta ifenso ayende pansi.

Ndine mwana wanu,
Ketilina


Mudzi wa Kalikongwe, Chipangali
8 Seputembala 2024

Mwana wanga Ketilina, amake Veronika,

Moni kwa iwe ndi kamayi kangako. Ndikulemba ngakhale tinalankhula, chifukwa tsiku lija pafoni ndinangotha kutchula dzina basi. Unamva ngati netiweki yadula. Sinadule.

A Israel anafika ndi kalata yako kutatsala masiku ochepa, atasiya kanta kumsewu. Ndinaiwerenga ndili chiimire. Kenako ndinakhala pansi n'kuiwerenganso, kuopa kuti mwina ndawerenganso zanga.

Mwambo unachitika monga anakonzera. Panali thobwa, abale a amayi ako anasonkhana, amalume ako anaika ndalama yachitsulo m'mbale nanena kuti andimasula, ndine mfulu, ndingakwatire, ndingapite kumene ndifuna. Anthu anadikira kuti ndinene tsiku lonyamuka. Ine ndinati, "Alamu, poti mwandimasula, ndibwerekeni makwerero." Azakhali ako a Martha ndiwo anayamba kuseka, kenako analira.

Kasolako kalibe pobowola, ndiye ndinakapangira felemu ya matabwa a chitseko cha khola, poti mbuzi kulibenso. Ndinakwera ndi mwendo wanga womwewu. Amalume ako anagwira makwerero, akulongolola kuti ndapendeketsa, kuti mkamwini uyu zaka zonsezi sanaphunzire kukhoma msomali. Mdzukulu wa ku Mwami anabweradi ndi ngolo. Anadya, anagona, ndinamupatsa thumba limodzi la mtedza kuti ng'ombe zisayende chabe.

Unandifunsa mu Meyi ngati kanthuka n'koyenera kugula. Ndikuyankhe moona. N'kofooka. Pamene kali padenga sikatembenuka kutsatira dzuwa monga unanenera, ndiye kamayamba ntchito mochedwa n'kuweruka msanga ngati kalaliki wa boma. Foni imodzi patsiku, basi. Ukalumikiza wailesi, foni idikire mawa. Utsi wa tchire ndi fumbi la mwezi uno zimakaphimba, moti pamafunika kukwera kukapukuta kawirikawiri. Ndekha sindingakwere popanda wogwira makwerero, ndiye amalume ako amabwera. Akabwera amakhala pansi. Dzulo atchajitsa foni yawo ndipo anakana kulipira, akuti dzuwa ndi la mudzi wawo.

Sindikunamiza kuti zonse zabwerera. Mbuzi ndawombolako imodzi yokha, wogula uja wakweza mtengo. Nkhuku azakhali ako anadyako ziwiri. Madzulo amalume ako akapita pakhomo pamakhalabe zii, ndipo wailesi ndimaiika mbali imene amayi ako ankakhala. Imalankhula zambiri koma siyifunsa kuti ndaswera bwanji. Zimenezo sola sangazikonze.

Foni ili choyaka usana ndi usiku, m'thumba la malaya. Uziimba ngakhale mwana akungolira, ndimve. Mvula isanagwe ndipalira kwa amayi ako ndipo ndikawauza kuti dzina lawo lapeza mwini. Msewu ukakulola ubwere naye, mango ayamba maluwa.

A Israel akupatsa thumba la mtedza ndi nsalu ya amayi ako yoberekera. Mkati mwa nsaluyo ndakulungamo kachikwama ka buluu kaja. Uziikamo matewera a mwana popita kusikelo. Kuno kalibenso ntchito.

Ndine atate ako,
Fulansisi Sakala
wa pano pa Kalikongwe